Mmene Ndinaululira Mandasi a Abwana pa Website

Nkhani iyi ndikaikumbukira ndimafuna kudzifunditsa chitenje kumutu, koma poti Nkolokosa yense anaimva kale, bola muimvere kwa mwiniwake.

Ndimagwira ntchito mu shopu ya nsalu ku Limbe. Abwana anga ndi a Karimu, amwenye obadwira mu Limbe momwemo, ndipo Chinyanja amachiyankhula kuposa ine. Ntchito yanga ndi kuyeza nsalu, kudula, kupinda. Sukulu ndinalekezera Sitandade 7, koma maso ndili nawo. Palibe chochitika mu shopumo chomwe chimandidutsa.

Mwana wawo wamkazi, Farida, atamaliza ku koleji anati shopu ikufunika website. Anaikonza yekha pa kompyuta ya kuseri kwa kauntala, kenako n'kundiloza ine.

"Anti, zitenje zatsopano mumazidziwa ndinu. Muziika zithunzi ndi kulemba mawu ake."

"Ine? Kompyuta? A Farida, musandiphetse, mwana wanga akadali woyamwa."

"Palibe chovuta. Mudina Add New, mulemba, mukatha mudina Save Draft. Zikatero zimangokhala mkatimu, palibe angazione."

Lachisanu anandilowetsa ndi password yake, n'kundiuza kuti ndiyeserere kulemba chilichonse chobwera m'mutu. Iye ankapita ku ukwati ku Lilongwe, kubwera Lolemba.

Chilichonse chobwera m'mutu! Tsoka lake, m'mutu mwanga munabwera abwana, chifukwa ndinali nditangowaona akulowa kuseri kwa mabelo a nsalu ndi kajumbo kawo. Abwanawa ali ndi matenda a shuga, ndipo adona awo anawaletsa zokazinga zonse. Ndinalemba ndi chala chimodzi, lilime lili panja:

"Abwana athu akati apita ku banki musavutike, ali kuseri kwa mabelo akudya mandasi. Akatha amagona pomwepo, mkonono ngati jenereta. Mafuta a m'manja amapukutira pa nsalu ya makatani."

Ndinawerenga n'kuyamba kuseka ndekha.

"Mayi, mugulitsa kapena muziseka?" anatero kasitomala wina pa kauntala.

Ndinayang'ana pa sikirini mwachangu. Mabatani analipo awiri. Kena kakang'ono, kotuwa, kooneka ngati kodwala. Lina lalikulu, labuluu, lolembedwa Publish. Ndinati lalikulu ndiye losunga mwamphamvu. Ndinadina limenelo.

Kasitomala atapita ndinabwerera. Panali mawu akuti View Post. Ndinadina. Mayo ine! Pamwamba dzina la shopu, chithunzi cha shopu, ndipo m'munsi mwake, poyambirira penipeni, mandasi a abwana!

Kuseri kwa mabelo jenereta inali italiza kale.

Sindinaganize kawiri. Ndinawerama n'kuzula waya wa kompyuta ku khoma. Sikirini bii! Ndinapuma. Ndinati zapita.

Nditayatsanso kuti nditsimikize, kompyuta inandifunsa password. Password imene inali pa basi, ulendo wa ku Lilongwe. Ndinayesa dzina la shopu, inakana. Ndinayesa Farida, inakana. Ndinayesa dzina la mwana wanga, Tadala, ngati kuti kompyuta ingandimvere chisoni. Inatulutsa mawu ofiira. Ndinaisiya isanaitane apolisi.

Ndinatulutsa kafoni kanga n'kulemba dzina la website. Mandasi ali pompo!

Apa ndinadzilimbitsa mtima. Ndinati mwina foni yanga yangotengera chifukwa imakhala pafupi ndi kompyuta tsiku lonse, ngati mmene chovala chimatengera utsi. Pofunika foni ya munthu wina.

Pa khonde la shopu yathu pamakhala telala, a Fernando, bambo achikulire omwe makolo awo anachokera ku Mozambique. Ndinawanong'oneza.

"A Fernando, muli ndi bandulo? Talembani izi pa foni yanu, mundiuze ngati kukubwera kanthu. Koma musawerenge."

Anavala magalasi. Anawerenga. Anaika mutu pa makina osokera, mapewa akugwedezeka.

"Achemwali, mwalemba ndinu?"

"Ndati musawerenge!"

"Jenereta! Iii, mwana uyu! Ndiye makatani aja ndinasokera abusa aja, n'chifukwa ankanunkhira mandasi a pa depoti!"

"Chonde musauze munthu."

"Ine? Pakamwa panga ndasoka," anatero, dzanja lina akukodola mlonda.

Ndiye kuti zafika pa khonde. Koma mwina zimathera mu Limbe momwemo, ndinaganiza choncho. Ndi mphamvu yanji imene kakompyuta kafumbi kaja kangakhale nayo?

Poweruka ndinakwera minibasi. Titafika pa Ginnery Corner ndinati apa ndiye patali. Ndinagwira mkono wa mtsikana wina wa mu ofesi amene ndinakhala naye.

"Asisi, pepani, tandionerani ichi pa foni yanu."

Anaona. Anaseka mpaka wigi inapendekeka. Kondakitala analanda foni n'kuwerengera minibasi yonse mokweza, mawu ake aja oitanira anthu. Bambo wina kumbuyo anakuwa kuti, "Shopu iti imeneyo? Tiuzeni, tikawagulire ena!"

Ine ndinangoyang'ana pa zenera ngati nkhaniyo sikundikhudza.

Ku Nkolokosa sindinafikire kunyumba. Ndinayamba kwa aneba amene amandisungira Tadala masana. Foni yawo, zilipo. Kwa mayi ogulitsa makala, zilipo. Kwa mlembi wa kwaya yathu, zilipo. Foni iliyonse imene ndinkayesa, abwana anali momwemo ndi mandasi awo. Ndinkangoti mwina yotsatirayi ikana.

Bambo a Tadala atabwera ku ntchito anandipeza nditakhala pa khonde, mwana ali pa bere, moto osakoleza.

"Kwagwanji? Kumudzi kuli bwino?"

Ndinawapatsa foni. Anawerenga osaseka, ndipo zimenezo ndi zomwe zinandiopsa kwambiri.

"Amake Tadala, mukudziwa kuti masiku ano kunyoza munthu pa Intaneti amamanga?"

"Musatero inu!"

"Ndikunena zoona. Amakutsata pa foni pomwepo. Akafika sagogoda."

"Nanga mwanayu?"

"Oyamwa amalowa ndi amayi awo."

Ndinayang'ana Tadala. Mwana wosalakwa, mano awiri okha, akayambire kuyenda ku ndende chifukwa cha mandasi a munthu wina! Ndipo ngakhale apolisi akanandisiya, ntchito inali itatha. Phala la mwana likanachokera kuti?

"Bwanji osangomuimbira Faridayo?" anafunsa bambo a Tadala.

"Ndimuuze kuti chiyani? Kuti ndatcha bambo ake jenereta pamaso pa dziko lonse?"

"Dziko lonse? Zafika kunja?"

Funso limenelo linandisowetsa mtendere. Loweruka m'mawa ndinatumiza uthenga kwa achimwene anga amene ali ku Joni. Ndinati akakana iwowa, ndiye kuti matendawa ndi a m'Malawi momwe muno, mwina n'kuchizika. Yankho linabwera msanga: tinkhope toseka mzere wathunthu. Pasanapite nthawi anali ataziponya pa gulupu ya abale. Azakhali a ku Mulanje anaimba kufunsa ngati ndikufuna mapemphero.

Lamulungu ku tchalitchi sindinamve ulaliki. Galimoto iliyonse ikaima panja, ndinkagwiritsa mwana. Potuluka, amayi ena a kwaya anandigwira dzanja n'kunena motsitsa mawu kuti, "Abwana adzuka?"

Lolemba ndinanyamuka ngati wopita kosabwerera. Tadala kumbuyo, m'manja chikwama cha matewera, kabulangete ndi ufa wa phala. Ndinati akanditenga anditenge ndili wokonzeka.

Nditangokhota pa kona, a Fernando anaimirira pa makina.

"Atolankhani afika! Apatseni njira!"

Pa khomo la shopu panali mayi wina ndi beseni la mandasi, akufunsa mlonda ngati abwana abwerako ku banki.

Mkati ndinapeza onse atatu: abwana, adona ndi Farida. Nkhani inali itayenda bwinobwino, kuchoka kwa a Fernando kupita kwa mlonda, kwa mlonda kupita kwa wantchito wa kunyumba kwawo, kwa wantchito kukafika pa tebulo la adona. Ndinagwada pa simenti pomwepo, chikwama chili m'manja.

"Amake Tadala," anatero abwana, mawu ali pansipansi, "ine jenereta?"

"Abwana, ndi Satana. Ndimangoyeserera. Chonde apolisi ayi, mwanayu ali ndi chimfine."

"Apolisi ati?" anadabwa adona. "Dzukani, mukuliritsa mwana. Ntchito simuchoka. Munthu woona zinthu chonchi ndimamufuna pano. Kuyambira lero, awa akati akupita ku banki, muzindiimbira."

Abwana anandiyang'ana ngati ndawaphera mbuzi. Mpaka lero moni wawo ndi wa mphuno.

Farida anakhala pa kompyuta, misozi ya kuseka ili m'masaya. Analemba password, n'kudina mawu akuti Move to Trash. Basi. Chinthu chimene chinandiwondetsa weekend yonse chinachoka ngati ntchentche pa mbale.

"Zatha? Ndi ku Joni komwe?"

"Ndi ku Joni komwe. Koma anti, tabwerani muone ichi."

Anatsegula pena pamene panali kamzere. Anati kamasonyeza anthu olowa pa website. Kamzereko kanali katagona fulati ngati tebulo kuchokera kumanzere mpaka pafupi ndi kumapeto. Kenako, pa Lachisanu madzulo, kanadzuka n'kuima ngati phiri la Soche.

"Website iyi sitinauze munthu aliyense kuti ilipo," anatero Farida. "Chiikonzereni, wolowapo ndinali ine ndekha. Mukanangokhala chete, ndikanabwera lero n'kuchotsa, ngakhale adadi osadziwa. Tsono ndikudabwa, anthu onsewa anaidziwa bwanji? Limbe, Nkolokosa, Mulanje, mpaka South Africa! Anawapatsa adiresi ndani?"

Ine maso pa simenti.

Pa zenera panatulukira mutu wa a Fernando.

"Musavutike kufufuza, a Farida. Amayiwa anayenda nayo khomo ndi khomo ngati katemera!"

Chiyambire tsiku limenelo, ndikalakwitsa kanthu pa Intaneti ndimanjenjemera ndekha, sindipemphanso aneba kuti andionere.