A Kayezeni ndi Diresi Lofiira

A Kayezeni, amene tinkagwira nawo ntchito yosindikiza, sankakhulupirira maso a munthu, ngakhale awo omwe. Dzinalo tinawapatsa ndife, chifukwa ukangoti, "Pepala ili latuluka bwino," iwo ankayankha kuti, "Kayezeni." M'khosi ankakoleka kamakina koyezera mitundu. Ukakagunditsa papepala, kankaonetsa manambala a mtunduwo, ndipo manambala akafanana, chosindikiza lero chinkafanana ndendende ndi cha chaka chatha.

Kasitomala wina anabwera akufuna zikwangwani zofiira ngati magazi.

"Magazi a ndani?" anafunsa a Kayezeni. "Anu kapena a nkhuku? Tabweretsani chala."

Munthuyo analiyatsa liwiro, chipewa n'kuchisiya patebulo.

Koma nkhani imene inatipweteketsa nthiti ndi ya akazi awo. Mayiwo anasoketsa diresi lofiira, n'kudzera kuntchito kuti amuna awo alione.

"Bambo, ndatchena?"

A Kayezeni anangowagunditsa kamakina paphewa n'kuyamba kuwerenga manambala mokweza. Mayiwo anatuluka osatsanzika, ndipo madzulo ake bambo anadziphikira okha.

Mayi aja atamwalira, anawaika m'manda atawaveka diresi lomwelo. Ana analibe. A Kayezeni anapachika chithunzi cha akazi awo, ali mudiresi lija, pamwamba pa makina odulira mapepala. Dzuwa la pawindo likachitumbulutsa, ankasindikiza china, kuyeza, kutaya, kuyambiranso, mpaka manambala agwirizane ndi apaphewa aja. Ife tikaweruka, iwo ankatsala. Kunyumba akanathamangirako chiyani?

"Munkandisekatu," anandiuza tsiku lina. "Ndikanapanda kuyeza, bwenzi pano ndikuwaveka diresi la eni ake."



Pano nawonso anatisiya, ndipo manambala aja anapita nawo m'mutu. Palibe anaganizapo zowafunsa, poti tonse tinatanganidwa n'kuseka. M'shopu muli zii. Ntchito ikutuluka msanga, wotibweza palibe, koma ine zimandiwawa.

Chithunzi chija chayambanso kutumbuluka. Ndinayesa kusindikiza china. Mnzanga wodula mapepala akuti diresi lafiira kwambiri, woyendetsa makina akuti linali loderako. Tonsefe tinaliona ndi maso athuwa, koma wolumbira palibe. Ndinachisuntha, n'kuchipachika pakona posafika dzuwa, komabe mwezi ndi mwezi mayi aja akunka navala diresi limene amuna awo sangalizindikire.