Mwala wanga wa pa bicha

Lolemba
Uthenga wafika kuno ku Msumba: dotolo woyeza olumala abwera Loweruka, ndipo ayeza anthu khumi okha. Chaka chachitatu chino ndikudikira munthu wasukulu adzatsimikize kuti mwendo umene inanditengera ng'ona kulibedi. Popanda chidindo chake, thandizo la boma iwalani.
Olumalafe sitingaime pa bicha, pamzere wodikirapo, miyezi yonseyi. Aliyense ali ndi mwala womusungira malo pakhonde la ofesi. Wanga ndi wa khumi ndi chitatu. Patsogolo panga pali itatu ya anthu amene tinaika kale m'manda: a Barnaba, a Mwanaisha, a Yohana. Nzeru yabwera!

Lachiwiri
Miyala itatu ija, kuthengo! Ndine wakhumi. Mkazi wanga akuti ndilibe manyazi. Akunena zoona.

Lachitatu
Yabwerera. Yonse itatu, pamalo pake, yopukutidwa bwino. Mlonda wa pa ofesi akuti sanaone munthu.

Lachinayi
Zofunika: thumba, bwato la alamu anga, mtima wolimba. Ndikuiponya pakuya penipeni, umodziumodzi. Chubwi katatu. Ndione tsopano!

Lachisanu
Ilipo. Yonyowa. Wa a Barnaba uli ndi ndere. Pamchenga pali timaenje ta ndodo, kuchokera m'madzi mpaka pakhonde, ndipo si ta ndodo zanga. Ndikuopa, sindikubisa.
Mlonda akusesa mozungulira miyalayo. "Asiyeni akuluakuluwa," akutero. "Anayamba kudikira inu muli ndi miyendo iwiri."

Loweruka
Galimoto yafika! Dotolo watsegula buku, akuitana mayina osadzutsa mutu.
"Barnaba!"
Zii. Kenako mpando wa patsogolo pake ukulira ngati wina wakhalapo. Dotolo akulemba, akudinda. A Mwanaisha chimodzimodzi. A Yohana atenga nthawi. Ali moyo analinso olongolola.
Khumi akwana. Ndikukweza chitsa cha mwendo wanga kuti dotolo achione akamadutsa. Akuti ndidikire nthawi yanga.

Lamulungu
Pochokera kutchalitchi ndadzera ku ofesi. Miyala itatu ija palibe, ndipo sindinaikhudze ndine. Tsopano ndine wachitatu. Zoti dotolo adzabweranso liti, mlonda akungoseka.
Ndatsuka mwala wanga, ndaulemba dzina ndi utoto wa bwato, wosachoka ndi mvula. Mkazi wanga ndamuuza kuti ndikafa asauchotse. Ndidzabwera ndekha, njira ndaiona.