Tsiku Limene Ndinanyamula Apongozi

Inu mukusekera kumbuyoko, amene akuti ndikunama apite ku Maryhill, m'dziko la azungu, m'mphepete mwa ngalande muja, akafunse pa kakampani kathu kopanga njinga zamoto za m'matope. Anakayambitsa mzungu wina wokalamba m'shedi ya malasha, ali ndi hamala imodzi ndi mwana wake wamkazi. Ine nditalowa tinakwana atatu, tikupangira abusa a nkhosa a kumapiri njinga za matayala a mano ngati ng'ona, ndi timabokosi ta m'mbali tokweramo agalu. Kuwotcherera kunali kwanga. Chitsulo chinkati chikandiona, chinkafewa chokha.

Ndiye kunabwera apongozi kuchokera ku Ntcheu, mayi a akazi anga, kudzaona ubatizo wa mwana wathu woyamba. Sankandiwerengera mayi aja, ankati mwana wawo anakwatiwa ndi wokhoma zidebe, ndipo zinkandiwawa. Lamlungu la ubatizolo kunagwa sinowo wofika m'mawondo, mabasi onse ima. Akazi anga ndi khanda anali atagona kale ku Gorbals pafupi ndi tchalitchi, m'nyumba tatsala awiri. Apongozi analankhula ndi khoma, poti mkamwini sayang'anizana naye: "Ubatizowu ukandiphonya, mwana wanga ndibwerera naye kumudzi."

Njinga ndinali nayo. Koma mkamwini kukweza apongozi kumbuyo, iwo n'kumugwira m'chiuno? Malodza amenewo! Ndinathamangira kushedi, ketulo isanawire n'kuti nditawotcherera kabokosi koyang'ana kumbuyo, mkono wake wautali mwaulemu, moti njinga ikakhala tsidya lino la msewu kabokosi kali tsidya lina. Ndinaimika pakhomo, nkhope kumbali. "Mayi, kwerani." Nditamva kuti kalemera, ndinaliza moto.

Mukumva? Msewu unali utatsekeka, ndiye ndinatsikira m'ngalande momwemo, madzi ataundana gwa, ine liwiro, tayala lakutsogolo pa ayezi, lakumbuyo pamadzi poti ayezi ankasungunuka ndi moto wa injini, abakha amene ndinawadutsa n'kutsala opanda nthenga, ndipo nditafika ku Hillhead n'kupeza malole atatsekereza njira ndinakwera khoma la nyumba yosanjikizana kanayi, mayi wina wachizungu n'kundipatsira sikono pawindo, ine n'kuthokoza, n'kutsikira mbali inayo ndikutafuna. Ndikulumbira, pali Mulungu! Pa mtsinje wa Clyde mlatho unali utadzaza, ndiye ndinangolumpha, ndipo m'mwambamo ndinakhalitsa mpaka kuimba nyimbo ya m'buku ndime zonse zinayi, ndevu zitauma ngati tsache.

Njira yonseyo sindinacheuke ngakhale kamodzi. Ndinkangofuula kuti, "Muli bwino kumeneko, mayi?" Kuli zii. Mumtima ndinkati lero wokhoma zidebe wawasowetsa chonena, ndipo ndinkakoma mtima kwabasi.

Pa tchalitchi ndinagwada pambali pa kabokosi, maso pansi, n'kuwomba m'manja kuti atsike. Sakutsika. Mawondo anayamba kuzizira. Kenako ndinamva nthungululu m'kati mwa tchalitchi, mawu ake odziwika bwino. Kusuzumira pakhomo, apongozi ali phee pa benchi yakutsogolo, khanda lili m'manja, nsapato zouma. M'kabokosi munali chikwama chawo cha mtedza ndi zitenje. Iwo anangoponyamo katunduyo, n'kutsagana ndi aneba kukakwera sitima ya pansi pa nthaka.

Atatuluka anandipeza ndikunjenjemera pakhomo, chikwama chili pamutu. Anatembenukira kwa mwana wawo. "Amuna akowa mutu sukoka, koma ulemu ali nawo. Khala nawo."

Kabokosi kaja kampani ikupangabe mpaka lero, kungoti anafupikitsa mkono, poti azungu apongozi sawaopa. Ndipo akazi angawo ndi awo avala duku lofiirawo, sanapite ku Ntcheu. Afunseni zonse ndanenazi. Za mtsinje zokha musawafunse.