Thadzi la Apongozi

Lolemba

Apongozi anyamuka m'mawa uno. Apita kutsidya, ku Zambia, kwa achemwali awo. Atenga mkazi wanga, amake Tadala, kuti awanyamulire katundu, mwana ali kumsana. Abwera Lamulungu. Chimene akukatenga sindikudziwa. Mkamwini safunsa. Chikwatirireni pamudzi pano, ine ndi apongozi sitinayang'anizanepo. Tikakumana panjira ine ndimapatukira m'tchire, iwo amayang'ana kumbali. Mawu athu onse amadzera mwa amake Tadala.

Mawu a lero: "Akuti nkhuku ija muziipatsa madzi ndi gaga." Basi.

Nkhukuyo ndi imodzi yokha, thadzi la kameta, lopanda nthenga m'khosi. Chitopa cha chaka chatha chinasesa khola lonse, n'kutsala lokhali. Likafera m'manja mwanga ndidzalowera kuti? Kwathu n'ku Thyolo. N'kutali.

Ndakaliona masana. Lili m'chikwere kuseri kwa khitchini, lafungatira. Sizili bwino:
- laonda, pachifuwa fupa lokhalokha
- gaga silikumuyang'ana n'komwe
- utitiri kuzungulira maso, bii
- pansi pake mazira awiri okha, olembedwa mtanda ndi khala

Ndawagwedeza pakhutu mazirawo. Mkati madzi okhaokha. Osukusa.

Nkhuku ikudzipha chifukwa cha mazira owola! Apongozi maso anayamba kuchepa mphamvu, sanaone. Ndaganiza chonchi: pofika Lamulungu alipeze lonenepa, lopanda utitiri, likuyendayenda pabwalo. Mwina adzandinenera mawu amodzi abwino, ngakhale odzera mwa mwana wawo.

Lachiwiri

Lero nkhondo ya utitiri.

A Lungu, a nyumba yoyandikana nafe, akuti mankhwala ake ndi utsi wa fodya. Ali ndi mapesi a fodya otsala chaka chatha, andipatsa mtolo. Mazira aja ndataya m'chimbudzi. Udzu wa m'chikwere ndatentha. Mapesi ndayatsa m'phale, phale pansi pa chikwere.

Utsi wake! Nkhuku ikutsokomola, ine ndikutsokomola, mbuzi za a Lungu zathawa. Ndikuopa denga la khitchini, ndaima ndi ndowa ya madzi mpaka moto wazima.

Mayi Lungu asuzumira pampanda. Akufunsa ngati eni ake anandiuza kuti nditaye mazirawo. Ndayankha kuti anali owola. Angoti, "Owo," n'kubwerera kumtondo wawo. "Owo" ameneyu sindinamukonde.

Madzulo thadzi labwerera m'chikwere. Mulibe udzu, mulibe dzira. Lakhala phee, ngati muli kanthu.

Utitiri wachoka pang'ono. Ndikudziwa kumene wapita. M'khosi mwanga, m'khwapa, m'lamba wa thalauza.

Lachitatu

Ndadzuka ndikudzikanda ngati galu.

Utitiri wa m'maso mwa nkhuku sunasunthe. Umenewu umamatirira. A Lungu akuti parafini pang'ono, wopaka ndi nthenga. Pang'ono ndi chiyani? Sananene. Ndipo nkhuku siimadikira. Dontho lalowa m'diso lakumanzere.

Diso latsekeka.

Ndatsuka ndi madzi, ndapemerera, ndapepesa. Lili chitsekekere. Apongozi anasiya nkhuku ya maso awiri.

Ndakwera pachulu kuti ndiimbire amake Tadala. Foni yawo sikugwira, kutsidya laini ya kuno imafa. Mwina n'zabwino. Ndikananena chiyani?

Pobwera ndapeza thadzi lakokera zinthu pansi pake:
- chitsononkho
- anyezi mmodzi
- njere ya mango

Likufungatira anyezi. Ndikatambasula dzanja likundijompha. Gaga ali pomwepo, nyerere ndizo zikudya.

Lachinayi

Diso latseguka theka. Ambuye alemekezeke.

Koma kudya ayi. A Lungu akuti bola likufungatira silinganenepe, mutu wake uli pa anapiye. Liyenera kuiwalitsidwa. Njira yake ndi kuliviika m'madzi ozizira, thupi lizizire.

Ndatunga ndowa kumjigo. Ndaviika. Ndaviikanso, kuopa kuti koyamba sikunakwane.

Latuluka laling'ono ngati mbewa. Likunjenjemera, mapiko agwa, khosi lapindikira cham'mbali. Khosi kupindika! Chitopa chimayamba chonchi. Ndinaona ndi maso anga chaka chatha.

Zimene ndalimwetsa:
- madzi a tsabola
- madzi a masamba a nimu
- kapisozi wofiira ndi wachikasu wa pa okala, theka
- phulusa pang'ono, a Lungu atero

Ndalikulunga m'jekete yanga ya kutchalitchi, ndakhala nalo padzuwa. Kumunda sindinapite. Anzanga akumaliza mizere, mitambo ikusonkhana cha ku Kachebere, ine ndakhala pakhonde ndi nkhuku pamwendo ngati ndili kusikelo.

Ndaganizira za kugula lina lofanana nalo. Kameta wakuda, wa chala chimodzi chokhota. Apongozi angadziwe. Nkhuku yawo amaidziwa kuposa nkhope yanga, poti nkhope yanga sanaiyang'anepo.

Lachisanu

Lili moyo! Sichinali chitopa, kunali kuzizidwa chabe. Jekete yaonongeka. Lamulungu ndikapemphera ndi malaya okha.

Ndipo litangouma, labwerera pa anyezi.

A Lungu akuti yatsala njira imodzi, ya makolo: kuzula nthenga yake n'kuipisa pamphuno, ilowe uku itulukire uku. Nkhuku imatanganidwa ndi kuichotsa, n'kuiwala zofungatira. Ine sindingathe. Ndagwira miyendo, ndatsinzina, a Lungu apisa. Akuti siimva kuwawa kwenikweni. Anafunsa nkhuku iti?

Chikwere ndachipachika mumtengo. Thadzi ndalimanga mwendo ndi luzi patsinde la mango. Tsopano vuto lina, kabawi akuzungulira kumwamba. Nkhuku yomangidwa singathawe. Ndakhala pambali pake tsiku lonse ndi legeni.

Amayi opita kuchigayo aima pamsewu. Mmodzi akuti, "Alamu, mbuzi yanuyo yakula bwino, idzaswa liti?" Aseka mpaka kukhotera. Ndawaseka nawo, nanga n'kutani.

Mayi Lungu andibweretsera mbatata. Ayang'ana chikwere mumtengo, ayang'ana nkhuku. Akuti apongozi anga si munthu wosiya zinthu mwangozi. Ndafunsa tanthauzo lake. Akuti iwo sadziwa za m'nyumba za eni.



Loweruka

Ladya!

M'mawa lajompha gaga, lamaliza, lafunanso. Lamwa madzi. Ndamasula luzi. Layang'ana kuseri kwa khitchini, layang'ana kudzala, lasankha kudzala. Lapalasa, lasamba m'fumbi. Nthenga ya pamphuno ndachotsa.

Masana tambala wa a Lungu wabwera, wagwetsa phiko limodzi, wazungulira. Thadzi silinakane. Ndaombera m'manja ndekha.

Ndatsitsa chikwere, ndaika udzu watsopano, ndabwezeramo ngakhale anyezi uja kuti ndiliyese. Ladutsa osacheuka. Lachira.

Zotsala:
- diso likadali laling'ono
- likununkha parafini
- kunenepa sikunafike, komabe fupa silikubaya kwambiri
- utitiri uli pamphasa yanga

Ndasesa bwalo la apongozi. Ndikuganiza zimene adzanene. Mwina: "Uwauze achita bwino." Zingandikwanire zimenezo.

Koma "Owo" uja akubwerabe m'mutu.

Lamulungu

Afika titangoweruka kutchalitchi. Sanakwere njinga ya kabaza kuchokera pamsewu, ayenda wapansi. Apongozi patsogolo, pang'onopang'ono, chitete m'manja awiri ngati anyamula madzi odzaza. Ine ndabisala kuseri kwa nkhokwe, monga mwa ulemu.

Amake Tadala andipeza kumeneko, akusangalala. Akuti m'chitetemo muli mazira a nkhanga, okwiriridwa m'gaga. Ndiwo anapitira. Nkhanga siisamala ana ake, mazira ake amaikira nkhuku. Apongozi anadikira mwezi wathunthu kuti thadzi liyambe kufungatira, n'kulisiyira mazira owola aja kuti lisadzuke mpaka abwere.

Ndafunsa chifukwa chake sanandiuze. Akuti, "Nanga munthu amauzidwa kuti asiye nkhuku yogona?"

Apongozi apita kuseri kwa khitchini. Chikwere choyera, udzu watsopano, anyezi. Acheuka. Thadzi lili padzala ndi tambala wa a Lungu, diso limodzi likuphethira.

Sanakalipe. Sangandilankhule, ndiye alankhula ndi nkhuku, mokweza pang'ono kuti kuseri kwa nkhokwe kumveke.

"Iwe, ndinakusiya uli mayi. Ndakupeza uli namwali. Wakuchiza ndani?"

Nkhuku yapitiriza kupalasa. Ine ndapitiriza kudzikanda.

Kenako mawu adzera njira yake ya masiku onse. Amake Tadala abwera ndi chitete, andipatsa m'manja. "Akuti poti ndinu a dokotala, mufungatire nokha."

Mazira a nkhanga sadikira. Mawa ndilawirira cha ku Guilleme, khomo ndi khomo, kufunsa amene ali ndi thadzi lofungatira loti abwereke. A Lungu akuti obwereketsa amatenga theka la ana. Akutinso akudziwa njira yopangitsa nkhuku kuyambiranso kufungatira. Ndawathokoza. Ndawapempha asandiuze.

Chitete chili apa pambali panga, ndachifunditsa jekete ija. Amake Tadala asamutsira mphasa yawo ndi ya mwana kwa amayi awo, mpaka utitiri utathe.

Thadzi ladya kawiri lero. Likunenepa ndithu.