Mmene ndinapatukira apongozi ndi timu yonse

Mukandipeza ndikusankha fodya wa eni ku Banket masiku ano, musavutike kufunsa kuti za ukochi zinatha bwanji. Ndikuuzani ndekha, chifukwa ena akumaithira mchere wambiri nkhaniyi.

Koleji ina yaing'ono ya zaulimi kufupi ndi kwathu inalandira njinga zampikisano kuchokera kwa anthu akufuna kwabwino, zamatayala oonda ngati zikudwala. Atasowa wophunzitsa timu ya ophunzira okwera njingazo, mkulu wa kolejiyo, a Mutasa, anakumbukira ine, mlonda wapageti amene ndinkabwera pa njinga tsiku lililonse. Maphunziro anga a ukochi anali omwewo (satifiketi yake inali zigamba za pa chubu). Anandilonjeza kuti timu ikawakhutiritsa tidzapita kumpikisano ku Chinhoyi, ndipo ntchito yanga idzakhala yokhazikika. Kwa ine mwana wa pakomboni ya antchito a m'minda ya fodya, amene agogo ake anachoka ku Dedza kudzathyola fodya wa azungu, mawu oti yokhazikika anandisowetsa tulo.

Nzeru ndinali nayo imodzi yokha, yoonera pafoni: okwera amatsatana pafupi kwambiri kuti wakutsogolo aziwatchingira mphepo. Ndiye ndinaikhomerera. Ndinkawauza ophunzira anga kuti diso likhale pa tayala la wakutsogolo, kumene lalowera nawenso lowera, kuganiza uzikusiya m'kalasi. Tendai, mtsogoleri wa ophunzirawo, anafunsa ngati saloledwa kuyang'anako msewu. Ndinamuyankha kuti msewu ndi wa kochi.

Tsiku loonetsa luso lathu, a Mutasa anatitsatira pa galimoto pamodzi ndi alendo amene anapereka njinga aja. Ine kutsogolo, mapewa m'mwamba. Tinatsika chitunda cha kuseri kwa makola a nkhumba tikuuluka. Pokhota ndinangoona munthu akubwera, mtolo wa nkhuni pamutu. Anali apongozi anga aakazi, a Nabanda.

Tsono kwathu mkamwini sakumana ndi apongozi maso ndi maso. Umapatuka, n'kupereka moni uli patali. Zimenezi sizidzera m'mutu, thupi limangochita lokha. Malo odutsa analipo okwanira thirakitala, koma ine ndinapatuka basi. Kumene ndinapatukirako kunali ngalande yotayira zochokera ku nkhumba.

Ophunzira anga, Mulungu awadalitse, anasonyeza kuti ndinawaphunzitsa bwino. Palibe amene anaganiza. Mmodzimmodzi anandipeza mmenemo mwadongosolo, aliyense diso pa tayala la mnzake. Womaliza anali ndi mpata wonse woti aime (koma mwana womvera ndi womvera).

Galimoto inaima. A Mutasa anatsika atagwira mphuno, n'kufunsa ndi ulemu woopsa:

"Kochi, mabuleki anakana?"

"Ayi bwana, ndi ambuya."

Ambuya ndiwo apongozi m'Chishona, ndipo ndinayankha ndili chogwada, nkhope nditalozetsa kumbali, pakuti iwo anali ataima pomwepo ndi nkhuni zawo. Ndinawombanso m'manja kuwapatsa moni. Zimene zinali m'manjamo zinakathera pa malaya a mlendo wina amene ankajambula njinga zake zopindika. Tendai, uku akulavula, anandiuza mawu amene sindingawalembe pano.

Ku Chinhoyi sitinapite. Timu anaipatsa mphunzitsi wa za ziweto, ndipo pageti anaikapo munthu woyenda pansi. Zinandiwawa, ndisaname, chifukwa ndinali nditauza kale mkazi wanga kuti za maricho m'minda ya eni tasiyana nazo.

Amene anapindula ndi apongozi. Mpaka lero amauza komboni yonse kuti mwana wawo anakwatiwa bwino, mkamwini wawo anaphunzitsa ulemu ngakhale ana Achishona ophunzira kwambiri, moti onse anadziponya m'ngalande kuwapatsa njira. Kutchalitchi amandilozera kwa akamwini ena ngati chitsanzo, ndipo akamwiniwo anasiya kundiyankhula.

Mkazi wanga anandifunsa ngati nditakumananso ndi mayi ake ndingadzapatuke. Ndinati ndidzapatuka ndithu, kungoti ndizidzayamba ndaona kumene kuli nkhumba.