Penate ya Chifundo ku Kalembo

Mpaka lero ndikamva wezulo, msana umayamba kundiyabwa. Matendawa ndinawatenga pabwalo la mpira ku Kalembo, Lamlungu lina m'nyengo yozizira, ndipo amene anandipatsira akuyendabe m'tauni ya Balaka, chitenje chili pyapyapya, ngati sanalakwe kanthu.

Ndiyambe ndi mfundo, monga anatiphunzitsira ku nyuzipepala. Ku Kalembo kuli mabanja amene anathawa zipolowe ku Mozambique. Analowera ku Nayuchi, anakhalako pang'ono ku Machinga, kenaka anawoloka Shire kudzafuna maganyu kuno. Akhristu a mipingo ingapo tinapanga kagulu kowathandiza. Chuma tinalibe. Tinali ndi kwaya, zisudzo, kalasi ya Chichewa Lachitatu lililonse (mphunzitsi wake ndinali ine), ndi mpira umodzi wosokedwasokedwa. Wapampando wathu anali amayi a Namaona, munthu wa mtima wabwino, ndipo mtima wabwinowo ndi umene unandipweteka.

Anyamata a mabanjawa anapanga timu. Kaputeni wawo anali Armando, woumba njerwa, wophunzira wanga wakhama kuposa onse. Ankafuna chinthu chimodzi: kulowa mu ligi ya matimu a m'midzi, imene imaseweredwa Lamlungu lililonse. Ena a ligiyo ankakana. Ankati alendo adzabweretsa ndewu, ankatinso tikawagonjetsa a mpingo adzatinena kuti ndife ankhanza. Pomaliza Jafali, kaputeni wa timu ya ku Rivirivi, amene akalankhula mu ligimo ena amakhala chete, anadula mlandu.

"Tisewere nawo kamodzi," anatero. "Mpira ukatha bwino, alowa. Ukatha ndi phokoso, basi, azikasewera ndi akwaya."

Anasankha ine kukhala woyimbira, poti ndinalembapo nkhani za masewero kwa zaka zambiri, ndipo malamulo a mpira ndimawadziwa pamtima. (Kuwadziwa ndi kwina, kuthamanga nawo padzuwa uli ndi mimba ngati yangayi ndi kwinanso.)

Mpira usanayambe, amayi a Namaona anandikokera kuseri kwa mtengo wa mango.

"Bambo, anthu awa avutika," ananong'ona. "Anataya nyumba, anataya minda. Lero atayenso mpira, anthu onsewa akuona?"

"Amayi, mpira uli ndi malamulo ake."

"Iyayi, za malamulo musandiuze. Kwanu mlendo akabwera mumatani? Simumuphera nkhuku? Ndiye inu wezulo ili pakamwa, nkhuku ikukusowani?"

Munthu wanzeru akanaseka n'kuchokapo. Ine mtima unatentha, ndinadziona ngati Msamariya wachifundo wovala kabudula.

Ndinayamba ndi mwanapiye. Wotchinga kumbuyo wa alendowo anagwira mpira ndi dzanja, poyera, moti ngakhale amayi ogulitsa zitumbuwa anakuwa. Ine ndinayang'ana kumwamba ngati ndikufufuza mvula.

"Madala, maso mwasiya kunyumba?" anafunsa Jafali akundidutsa.

"Sewerani mpira, achimwene. Woyimbira ndi mmodzi pano."

Kenaka ndinapha msoti. Jafali anadutsa anthu awiri, anaumenya ndi mwendo wamanzere, mpira thi! mu golo. Chigoli chokongola, choti kale ndikanachilembera ndime yonse. Amayi a ku Rivirivi analowa m'bwalo ndi nthungululu, zitenje m'mwamba. Ine: pyee! Ofusayidi. Mfundo yake ndi iyi: oyimbira am'mbali kunalibe, ndipo ine ndinali pakati pa bwalo, manja m'chiuno, ndikusaka mpweya. Pamalo amenewo munthu sangaone ofusayidi ngakhale atavala magalasi awiri.

Phokoso linakula. Ndinaona Armando akundiyang'ana nthawi yaitali, osaphethira. Ndinaganiza kuti akuthokoza. Ndinamutsinzinira diso limodzi. Inde, ine, bambo wa ana akuluakulu, mkulu wa mpingo.

Popumulira Armando anabwera pomwe ndinkamwa madzi.

"Aphunzitsi, muli bwino? Kapena dzuwa lakupwetekani?"

"Osadandaula, mwana wanga," ndinatero ndikumusisita paphewa. "Zonse zili m'manja."

Anayang'ana dzanja langa paphewa pakepo, n'kuchokapo. Mtolankhani weniweni akanaona apa kuti nkhani yatembenuka. Akanaonanso china: anyamatawo ankasewera bwino kwambiri. Goloboyi wa Rivirivi anali atagwa kale kangapo kupulumutsa timu yake. Thandizo langa sankalifuna n'komwe. Koma munthu ukayamba kuchita chifundo suonanso amene ukumuchitira, umangodziona wekha.

M'chigawo chachiwiri ndinagwira tambala. Armando analowa ndi mpira pafupi ndi golo, yekhayekha. Bwalo limenelo mkati mwa sabata limadyetsa ng'ombe, ndipo ng'ombe zimasiya zikomo wake. Anaponda ndowe, anaterereka, khu! pansi. Wosewera wa Rivirivi amene anali naye pafupi kwambiri anali atawerama kutali uko, akumanga chingwe cha nsapato. Ine ndinaomba wezulo ndi mphamvu zanga zonse, n'kuloza: penate! Ndinayeza ndi mapazi malo oikapo mpira, monyadira, ngati wogawa munda wa makolo.

Ngakhale ochemerera alendowo sanaombe m'manja.

Jafali sanakuwe. Anavula jezi, n'kuikoleka paphewa. "Anyamata, tiyeni tizipita. Ndinanena ine. Awa si osewera nawo, ndi a mpingo."

Ligi ija, imene Armando anaipempha miyezi yonseyi, inali kutuluka m'bwalo pamodzi ndi jezi ya Jafali, ndipo woitulutsa ndinali ine.

Armando anathamanga, anamugwira Jafali pamkono. "Achimwene, taimani pang'ono. Taonani kaye." Anaika mpira pamalo paja, anaukankha pang'onopang'ono ndi chala cha phazi, mpirawo n'kugubuduka mpaka m'manja mwa goloboyi. Ndiye anatembenukira kwa ine, ndi Chichewa chomwe ndinamuphunzitsa ndekha.

"Aphunzitsi, chigoli cha achimwenewa chinali chabwino. Ine pano ndagwa ndi ndowe, onani kabudulayu. Mukutichitira chiyani?"

Ndikananama. Ndikanati diso landivuta. Koma pakamwa panatuluka mawu a eni ake: "Mlendo timamuphera nkhuku."

"Nkhuku mumaphera munthu amene mawa akunyamuka," anatero Armando. "Ife tikupita kuti? Mwana wanga wabadwira konkuno. Tikufuna tigonje Lamlungu lino, tidzawabwezere Lamlungu linalo, ngati anthu ena onse. Inu mukufuna tikhale alendo mpaka liti?"

Jafali anabwera chifupi, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Tadikirani, madala. Ndiye kuti nkhuku imeneyi ndi ife eti?"

Ndinaponya maso kufuna amayi a Namaona. Anali uko ndi amayi akwaya, atandipatsa nkhongo, akutsogolera nyimbo mokweza kuposa kale.

Wina anakuwa kuti, "Mulandeni wezulo!" Mawuwo anabwerezedwa m'Chiyao, m'Chilomwe, ndipo ndikukhulupirira kuti ndi m'Chipwitikizi momwe. Chiyambire kagulu kathu, sindinamvepo zilankhulo zonsezi zikugwirizana chotero. Matimu awiri, majezi osiyana, onse ankabwera kwa ine phewa ndi phewa.

Akuti sankafuna kundimenya, ankangofuna wezuloyo. Zimenezo ndinazimva pambuyo pake. Panthawiyo mimba ija inapepuka, ndinadutsa kuseri kwa golo, ndinadumpha mizere ya nandolo, n'kudziponya m'kathengo ka m'mphepete mwa khwawa. Ndinabisala bwino. Ndinadzitama. Kenaka khosi linayamba kutentha, kenaka msana, kenaka malo ena amene nyuzipepala silemba. Nditakweza maso ndinaona nyemba zaubweya zili lendelende pamutu panga. Chitedze.

Amene anakumanapo nacho safuna kufotokozeredwa. Ndinatuluka m'thengomo ndekha, malaya m'manja, ndikuvina gule amene alibe ng'oma, kubwerera pabwalo lomwe ndinathawa. Wezulo ndinaipereka popanda wondipempha. Armando ndi Jafali anandigwira wina mkono uwu wina uwo, amayi a zitumbuwa aja n'kumandikhula phulusa kumsana, akuseka mpaka misozi.

"Aphunzitsi," anatero Armando, "iyi ndiye penate yeniyeni."

Chigoli cha Jafali anachibwezera. Anamaliza mpira popanda woyimbira, ndipo ndewu panalibe. Rivirivi inapambana ziwiri kwa chimodzi, chimodzicho cha Armando, chopanda ndowe. Timu ya Armando inalowa mu ligi. Masiku ano amapambana, amagonja, amakangana ndi oyimbira ngati wina aliyense, ndipo palibe amene akuwatchulanso kuti alendo. Amangoti a ku Kalembo.

Chimene chimandipsetsa mtima ndi msonkhano wa kagulu kathu umene unatsatira. Amayi a Namaona anaimirira n'kulengeza kuti mpira wagwirizanitsa anthu, monga momwe iwo anaonera kale. Anthu anaomba m'manja. Ine ndili pabenchi, msana uli zidzolo zokhazokha, ndinafunsa za kuseri kwa mango kuja.

"Ine ndinangocheza nanu za nkhuku, bambo," anatero, nkhope ili gwa. "Za penate ndingazidziwire kuti? Ine ndine wa kwaya."

Anthu anaombanso m'manja. A ligi nawo anagwirizana kuti ndisadzayandikirenso wezulo, ngakhale ya ana a sukulu. Lachitatu Armando amabwerabe m'kalasi, amakhala kutsogolo, ndipo moni wake ndi umodzi: "Aphunzitsi, msana wadzuka bwanji?"

Ndinalumbira kuti mayi ameneyu sadzandikokeranso kuseri kwa mtengo uliwonse. Sabata yatha anandipeza pamsika. Akuti kukubwera mpikisano wa zisudzo, akufuna woweruza wodziwa zinthu, ndipo pali kagulu kena ka atsikana kamene kavutika kwambiri.

Ndinafuna kunena kuti iyayi. Ndinatsegula pakamwa bwinobwino. Chimene chinatuluka n'chakuti, "Kuholoko, kuseri kwake kuli thengo?"