Mlendo wa m'laputopu ndi nyimbo za a Gondwe

Lolemba

...ndiye ndikuwauza a Gondwe kuti, "Madala, khalani pansi, mwafika kwa dokotala!" Akhala pa kreti pafupi ndi benchi yanga, pano pamsika wa Ndirande. Tayi pakhosi, fulashi m'manja. Ndi mkulu wa kwaya ya tchalitchi china ku Chemusa, anapuma ntchito m'boma. M'fulashimo muli nyimbo zonse zomwe anapeka okha, zolemba mwa do-re-mi. Zimatseguka ndi pulogalamu yakale basi, ya sisitimu ija ya chithunzi cha phiri lobiriwira. Kompyuta yawo inafa. Lamulungu kuli chikondwerero cha kwaya, akufuna mapepala.

Ine: "Nkhani yaing'ono! Ndimanga kompyuta yakaleyo m'mimba mwa laputopu yangayi. Ku Joni ndinkamanga zisanu patsiku, mabwana akuwomba m'manja."

Lachiwiri

Yabadwa! Phiri lobiriwira lili mbee pa sikirini. Ndaitana msika wonse, ngakhale oitanira minibasi. Vuto n'limodzi: memore. Laputopu ili ndi magiga anayi okha, ndipo iyenera kugawana ndi mlendo wakeyu, kompyuta yakale ija. Ndamupatsa pang'ono. Akuyenda ngati minibasi ya ku Machinjiri pachitunda, itasenza makala.

Nyimbo zonse ndazichotsa m'fulashi n'kuzilowetsa mwa mlendo. Yusufu wokonza mafoni pambalipa: "Akulu, kopani, osasamutsa." Kukopa n'kwa amantha! Fulashi ya madala ndaidzaza mavidiyo a makwaya. Basela.

Lachitatu

Kwathu ku Nsanje mlendo amagona pabedi, mwini nyumba pamphasa. Ndinaleredwa bwino ine. Ndamupatsa mlendo pafupifupi memore yonse. Zotsatira:

mlendo wakhuta;
mwini nyumba, laputopu yanga, wauma gwa;
mausi yakana kusuntha;
makasitomala atatu ofuna nyimbo m'foni atopa n'kuchoka.

Yusufu: "Adokotala, wodwala akupumabe?"

Lachinayi

Ndabwereka kwa Yusufu kachipangizo ka memore, kokhala ngati chipeso. Tsopano magiga asanu ndi atatu, laputopu yamphamvu kuposa zonse kum'mwera kuno! Mlendo ndamugawira asanu ndi limodzi. Iye akuona atatu ndi kanthu basi. Eti zakalezi mimba yake imathera pomwepo. Ndamuphera nkhuku yonse, wadya ntchafu imodzi, zotsalazo akukaniza mwini nyumba.

Madzulo Yusufu watenga chipeso chija, chinali cha kasitomala wake ndipo wabwera. Tabwerera pa anayi. Mlendo atatu, mwini nyumba limodzi. Zikwana.

Lachisanu

A Gondwe afika. Nyimbo yoyamba yatseguka! Avula magalasi, akung'ung'udza pansipansi. Akuti iyi anapeka mkazi wawo atamwalira. Munthu wanzeru akanasindikiza pomwepo.

Ine ayi. "Madala, onani mphamvu!" Ndatsegula nyimbo zonse nthawi imodzi, n'kuyatsanso filimu ya karate kwa mwini nyumba. Zii. Chilichonse chaima. Fani ikulira ngati chigayo. Ndakanikiza batani mpaka yazima.

Kuyatsanso: mlendo sakudzuka. Phiri kulibe. Zilembo zoyera pamdima.

A Gondwe: "Musavutike mwana wanga, zili m'fulashi."

Ndawauza kuti abwere mawa.

Loweruka

Tsiku lonse tikufukula ndi Yusufu. Lero sakuseka. Zatuluka nyimbo zinayi. Ya amayi ija palibe.

Ndawauza zoona madala, ndili chiimire. Sanakalipe. Ayang'ana fulashi kwa nthawi yaitali, n'kuiika pabenchi. "Mavidiyo anu awa. Yewo." Atenga mapepala anayiwo, akonza tayi, ulendo.

Bola akanandimenya.

Lamulungu

Chemusa. Ndakhala benchi yakumbuyo kwenikweni. Kwaya ikuimba zapamtima, amayi a sopulano akukumbukira zambiri kuposa laputopu yanga. Yafika ya malemu mkazi wa a Gondwe ija. Ndime yoyamba bwinobwino. Yachiwiri oimba aamuna asokera, dzanja la a Gondwe latsala m'mwamba, kenako abwereza kolasi kawiri. Anthu awomba m'manja, sakudziwa kanthu. Ine ndikudziwa.

Potuluka ndawapeza pansi pa mtengo ndi kope latsopano, akufunsa oimba mmodzimmodzi, mzere ndi mzere. Ndapempha ndiwagwirire kopelo. Akuti ayi, agwira okha.

Mlendo ndamufufuta. Magiga onse anayi abwerera kwa mwini nyumba, ikuthamanga ngati yatsopano, popanda woithamangira.

Za ku Joni zija. Sindinapiteko. Kupatula kwathu ku Nsanje, malire anga ndi Limbe. Ndinangoonera kavidiyo pafoni, ndipo bandulo inatha munthuyo akuti, "Musanayambe chilichonse, choyamba..."